Kabuku kanu ka mahatchi

Bambo a Tamanda, chaka chatha chitisiyireni. Lero ndimafuna khadi ya mwana ya kuchipatala, ndiye m'drowa ndapezamo kabuku kanu kobiriwira kaja. Mukukumbuka nditakaona koyamba? Ntchito yanu ya zomanga inali itatha, ine ndili ndi pakati, inu masana alionse ulendo wa ku Finglas, dera lina la kuno kunja. Nditaona maina achizungu ndi manambala, ndinati ndi mafoni a akazi. Munaseka mpaka kutsokomola. "Amayi, mkazi wanji wa miyendo four?" Munandikhazika pa TV kuonera mpikisano wa mahatchi, wotchi ili m'manja, n'kumalemba masekondi chigawo ndi chigawo. "Musatengeke ndi yakutsogoloyo, yayamba ndi moto, itopa. Onani yam'mbuyoyi, ikusunga mpweya." Itadutsadi zinzake zonse ndinakuwa, mpaka mayi wa flat yapansi anagogoda.

Bambo, ndili ndi mantha. Tamanda wakwanitsa two years koma sanayambebe kuyenda. Ana a anzanga kuno ku Ballymun akuthamangathamanga, iye amangokwawa n'kumandiseka. Mawa 10 o'clock adokotala akamuyeza miyendo. Inu munkatha kusiyanitsa hatchi yosunga mpweya ndi yovulala. Ine wa standard six ndatsegula masamba onse, manambala anuwa sakundiuza kanthu, ndikungoona kuti mwana wathu ali m'mbuyo. Chonde mawa mukakhale pafupi nane. Adokotala akayamba Chingerezi chawo chothamanga chija, ndikalimbe mtima kuwauza kuti abwereze pang'onopang'ono.