Kumbuyo kwa Ankolo

Kwathu ku Ntchisi mwana sayenda kutsogolo kwa munthu wamkulu, ndiponso sayenda naye phewa ndi phewa ngati mnzake. Amatsalira m'mbuyo mapazi awiri kapena atatu, atanyamula chikwama. Palibe anandikhazika pansi kundiphunzitsa zimenezi. Aphunzitsi athu akamaweruka, ife onyamula makope tinkandondozana kumbuyo kwawo, ndipo wopitirira ankabwezedwa ndi diso lokha. Khalidwe limeneli ndinabwera nalo ku Dublin, pamodzi ndi lina lovula chipewa polowa m'nyumba ya eni.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mkati mwa sabata ndinkaphunzira, Loweruka ndi Lamulungu madzulo ndinkatsuka mbale mu lesitilanti ina. Ndinkagona m'kachipinda kakang'ono ku Ongar, m'nyumba ya banja lina la ku Zambia lomwe ndinadziwana nalo kutchalitchi. Ndinkawaitana kuti ankolo ndi anti ngakhale panalibe ubale uliwonse. Anti anali namwino kuchipatala cha ku Beaumont. Ankolo kale ankayendetsa basi, koma ine ndisanafike anadwala sitiroko imene inawafooketsa mwendo ndi dzanja lakumanzere. Ntchito inatha, galimoto anawaletsa, ana anali atakula n'kuchoka pakhomo. Chawo chimene chinatsala chinali ndodo zitatu zowedzera, zili m'matumba ansalu pamwamba pa wadiropu.

Kuwedza kwake sikunali kumene ndinkakudziwa. Ife kumtsinje tinkatunga nyongolotsi ku mbedza n'kukhala pamwala kudikira. Ankolo anaphunzira kwa dalaivala mnzawo wa konkuno kuwedza ndi fulayi, kambedza komangiriridwa nthenga ndi ulusi wonyezimira kuti kazioneka ngati kansomba. Fulayi ilibe kulemera, choncho chimene munthu amaponya ndi chingwe chenichenicho. Amachikupiza m'mwamba kuti chipite kumbuyo n'kutambasuka chonse, kenako achibweze kutsogolo. Dzanja lamanja ligwira ndodo, lamanzere likoka chingwe pang'onopang'ono kuti fulayi izisambira. Nsomba imene ankaifuna ndi trauti, imene imabadwira mumtsinje n'kutsikira kunyanja yamchere kukadya, ndipo nyengo yofunda imayendayenda m'mphepete mwa gombe, m'madzi olekeza m'mawondo.

Masiku atayamba kutalika, ankolo anayamba kutsitsa ndodo zija, kuzipukuta, n'kuzibwezeranso. Anti ankangowayang'ana. Tsiku lina pomwa tiyi nkhani inatuluka.

"Imwe, mukagwa m'madzi muja nizakamba chani kuli bana?" anatero anti.

"Ningagwe bwanji? Madzi yafika chabe apa," ankolo anayankha akugwira bondo.

"Mu bafa munagwa, madzi yanali yafika kuti?"

Ankolo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu wopempha. Anti anapuma mpweya wautali, n'kutembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, ngati bafuna kuyenda, uyende nabo. Uimilire kumbuyo kwao, pafupi. Bakagwa, olo pakaoneka chabe kabala kang'ono, ndodo zija nizapasa banthu. Wamvela?"

"Chabwino, anti," ndinatero. Mawu amenewa ndiwo ndinkawanena kwambiri m'nyumba muja.

Loweruka m'mawa anti anatitula pagombe la ku Donabate popita kuntchito. Tinavala mabuluku amphira olekeza pachifuwa. Langa linali lakale la ankolo, ndipo ndinkasambira m'kati mwake. Madzi anali akubwerera kumtunda, akukwirira miyala yakuda yokhala ndi udzu woterera. Ndinawagwira mkono mpaka tinafika pamchenga wolimba, madzi m'mawondo, kenako ndinapita pamalo anga, kumbuyo kwawo.

"Mufana, choka uko. Bwela uimilire uku," anatero akuloza kumanzere ndi chibwano.

"Chabwino, ankolo."

Ndinasuntha phazi limodzi. Koma funde lililonse likawagwedeza ndinkaona mwendo wofooka uja ukunjenjemera, ndipo ndinkapezeka ndabwereranso. Ndinali nditalonjeza kwa anti. Komanso, kunena zoona, miyendo yanga sinkadziwa malo ena oima pafupi ndi munthu wa msinkhu wa bambo anga. Anandiuzanso kachiwiri, osatembenuka, chifukwa kutembenuka m'madzi kunali kovuta kwa iwo. Ndinavomeranso, n'kuchitanso chimodzimodzi.

Kuponya sikunkayenda. Dzanja lamanzere linkalephera kugwira chingwe chonyowa, chinkangopulumuka m'zala. Ankachipana ndi chala cha dzanja lomwe lagwira ndodo, ndiye chinkagwa pafupi, chitapindikapindika. Sanadandaule. Ankangopumira m'mwamba n'kuyambiranso. Kenako patali pang'ono nsomba inadumpha, yoyera mbee ngati supuni yatsopano, ndipo ankolo anakupiza ndodo ndi mphamvu zawo zonse.

Ndinamva ngati mavu andiluma pamwamba pa khutu lakumanja, kenako kaphokoso ka twaini woduka. Nditagwira, zala zanga zinakhudza nthenga.

Ankolo anakoka chingwe n'kuyang'ana nsonga yake yopanda kanthu. "Yaduka," anatero motsitsa mawu. "Nakalamba, mufana. Na kuponya kwanikanga."

Pamenepo ndi pamene ndikanalankhula. M'malo mwake ndinatsitsa chipewa changa chaubweya mpaka chinaphimba makutu onse. Ndinaganiza za mawu a anti, kabala kang'ono. Iwo ankanena bala la amuna awo, koma ndinadziwa kuti bala la mwana wa eni likhala loipa koposa. Ndiponso munthu wamkulu amene wangodzitcha wolephera, ungamuuze bwanji kuti wakubaya? Ndinati ndikafika kunyumba ndikadzitsekera m'bafa n'kuichotsa ndekha.

Tinakhalabe ola lina osagwira kanthu. Pobwerera tinakwera takisi mpaka pasiteshoni, kenako sitima. Khutu linkagunda ngati lili ndi mtima wakewake. Ankolo anakhala moyang'anana nane, ndodo ili pakati pa miyendo, akuyang'ana madzi pawindo.

"Ija fulayi inali ya last imene ninamanga na manja yabili," anatero. "Ya blue na siliva. Manje nyanja yatenga."

"Pepani, ankolo," ndinatero, fulayiyo ili m'khutu langa, kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pamphuno pawo.

Tsiku limenelo anti anaweruka msanga, ndipo tinawapeza ataika kale mpunga ndi nkhuku patebulo. Anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuwatembenuza manja ngati akusankha tomato, n'kukhutira. Ine ndinati ndizembere kubafa.

"Samba m'manja pa sinki apa, chakudya chizazizila," anatero anti.

Ndinakhala pansi. Tinapemphera. Nditatsegula maso ndinapeza anti akundiyang'ana.

"Iwe, kuyambila liti ukudya na chisote mu nyumba yanga? Iwe amene umavula ukali pa geti?"

"Ndikumva kuzizira, anti."

"Vula."

Ubweya unali utamatirira ku magazi ouma, moti chipewacho chinavuka movutikira. Ankolo anayamba ndi kuseka, kuseka kwadzidzidzi kwa munthu amene wapeza chinthu chake chotayika. "Fulayi yanga!" Kenako anaona nkhope ya akazi awo, ndipo kuseka kunathera pakhosi.

Anti sanakalipe. Anatenga kabokosi ka mankhwala, anavala magolovesi, n'kundipendeketsa mutu pansi pa getsi. Mwayi wake ankolo ankaphwanya ndi pulayazi kamnga ka mbedza zawo zonse, choncho inatuluka mosavuta. Anatsuka balalo, anamata pulasitala, anandifunsa za jekeseni wa kafumbata. Fulayi anaiika pambali pa mbale ya amuna awo.

"Ngati inali diso," anatero akuyang'ana ankolo. "Sembe nikamba chani kuli amai bake ku Malawi?"

Anavula magolovesi n'kuyamba kukwera masitepe. Tonse tinadziwa kumene akupita. Ankolo anangoyang'ana m'mbale, dzanja lofooka lija lili pamwendo ngati si lawo. Sananene kuti anandichenjeza kawiri. Akanatha kunena, ndipo chikanakhala choona, koma sanafune kundigwetsera mlandu. Ndinaona kuti tonse awiri tikutetezana ndi kukhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko ndi kumene kukuchotsa ndodo m'nyumba.

"Anti," ndinaitana. Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinabwereza. Anaima pakati pa masitepe.

"Sanalakwe ndi ankolo. Anandiuza kawiri kuti ndichoke kumbuyo, ine osamva. Kumbuyo kuja ndi njira ya chingwe. Munthu saima kumeneko."

"Koma ndine ninakuuza kuti uimilire kumbuyo."

"Eya, anti."

"So ndine nalakwa?"

Ndinayang'ana pansi. Pamoyo wanga wonse ndinali ndisanauzepo munthu wamkulu mawu oterowo. "Ayi, anti," ndinatero. Kenako ndinadzutsa mutu. "Eya. Pang'ono. Ndi ine ndemwe."

"Mayo!" anafuula ankolo akumenya tebulo ndi dzanja lamphamvu lija. "Mwana wa ku Malawi wakamba! Lembani pa kalenda!"

"Imwe khalani zii," anatero anti. Kenako anakwera ndithu, n'kutsika ndi ndodo imodzi. "Tiyeni panja. Munionetse njila ya chingwe yamene iyo."

Dzuwa linali likadalipo. Tinapita pa kapinga wa pakati pa nyumba, pomwe ana a anthu oyandikana nafe ankasewera mpira. M'malo mwa mbedza ankolo anamangirira kaubweya kofiira. Anti anaima patali atapinda manja, akuona chingwe chikutambasukira kumbuyo, chikudutsa ndendende pamene pakanakhala mutu wa munthu. Anaona katatu. Kenako anabwera, anandigwira m'mapewa monga amagwirira odwala awo, n'kundiimika kumanzere kwa ankolo, mbali yofooka. Ine ndinabwerera m'mbuyo theka la phazi osadziwa n'komwe. Anandikankhira kutsogolo mpaka phewa langa linagunda la ankolo.

"Apa. Dzanja ili ligwile lamba wao. Nanga ili lina lizachita chani, lizangolendewela?"

Ankolo ndi amene anayankha. Anatenga chingwe chimene chinkawapulumuka chija n'kuchiika m'dzanja langa lamanzere. "Nikati siya, usiye. Nikati donsa, udonse pang'ono pang'ono, monga ukama ng'ombe."

"Kwathu kulibe ng'ombe, ankolo."

"Uzaphunzila."

Tinayesa mpaka ana aja anasiya mpira kudzationerera. Poyamba ndinkasiya mochedwa, chingwe n'kutikulunga tonse awiri. Chimene chinkandivuta kwambiri sichinali chingwe ayi, koma kumva phewa la munthu wamkulu likutsamira langa, ndi kupuma kwake pafupi ndi khutu langa lomatidwa. Thupi lonse linkandiuza kuti ndikuchita mwano. Anti pomaliza anati ndodo zikhala, koma tonse tizivala magalasi ndi zipewa zophimba makutu, ndipo ine ndikadzabisanso kanthu, adzapereka kwa anthu ndodo pamodzi ndi ine.

Tinapita kugombe kanayi osagwira kanthu. Ulendo wachisanu, madzi akudzadza, ndikukoka chingwe monga anandiphunzitsira, china chake chinagwedeza zala zanga. Ankolo anali asanamve, chifukwa uthenga unafikira kwa ine.

"Kwezani!" ndinakuwa. "Kwezani ndodo, ankolo!"

Anakweza. Ndodo inapindika, nsomba inadumpha kawiri, ndipo ankolo anatsamira pa ine ndi thupi lawo lonse, akuseka ndi kutukwana m'Chibemba. Inali trauti yosapitirira kutalika kwa phazi langa, yoyera, ya timadontho takuda. Anaiyang'ana ili m'madzi m'manja mwanga, anati ndiichotse fulayi ya buluu ndi siliva ija, ndipo tinaisiya ipite. Ndili m'sitima m'pamene ndinazindikira kuti ndinalamula munthu wamkulu mokuwa, iye n'kumvera, ndipo palibe chimene chinagwa kumwamba.

Sindinganene kuti zimene anandiphunzitsa kwathu zinali zolakwika. Kumudzi woyenda kumbuyo amaona ngati wamkulu wapunthwa, ndipo amanyamula katundu. Koma ndinkaganiza kuti ulemu ndi malowo, osati munthu amene ndikumusamala. Kabala kapakhutu kanapola, kanangosiya kachipsera koyera kamene ometa tsitsi amandifunsa.

Mpaka lero tikatsika takisi n'kumayenda kulowera kumchenga, ndimapezeka ndatsalira mapazi awiri, chikwama chili kumsana. Ankolo amangoima, n'kutambasulira pambali chigongono chofooka chija, kudikira mpaka ndifike.