Kukatapa Dothi ku Rybinsk

Tisanatuluke m'nyumba, Bambo Pavel anatilamula kuti tonse tikhale pansi. Galimoto inali italizidwa kale panja, koma mkuluyo anagogoda ndodo yake nati kwawo munthu sayamba ulendo asanakhale chete kamphindi. Ndiye tinakhala, ine pa sutikesi, mwana wawo Irina pamkono wa mpando, amuna anga pa kabenchi ka nsapato. Chete uja atatha, amuna anga anati, "Tsopano yathu," n'kuyamba pemphero. Motero ulendo wanga wa ku Russia unadalitsidwa kawiri, ndipo tinatsala pang'ono kuchedwa ku eyapoti.

Bambo Pavel ndi neba wathu ku Maddington kuno ku Perth, ku Australia, nkhalamba yomwe miyendo inayamba kale kukana. Irina ndi mnzanga wa kuntchito, tonse ndife anamwino. Pampanda wa nyumba zathu iwo amandipatsa nkhaka zoviika m'madzi amchere, ine ndimawapatsa nkhwani, ndipo aliyense amayamika za mnzake mwaulemu chabe.

Mkuluyu anabadwira m'tauni yotchedwa Mologa, yomwe lero kulibe. Boma litatseka mtsinje wa Volga ndi damu pafupi ndi mzinda wa Rybinsk, madzi anakwera n'kumeza tauni yonse. Madziwo asanafike, anthu anaphwasula nyumba zawo zamitengo, kuika chizindikiro pa mtengo uliwonse, kuimangirira pamodzi n'kuiyandamitsa pamtsinje mpaka ku Rybinsk, komwe anakamanganso nyumbazo. Ntchito ya Pavel ali wamng'ono inali kuwongola misomali yakale pamwala, poti yatsopano kunalibe. Chikhadabo cha chala chawo chachikulu n'chopindika mpaka lero, hamala inachita zake.

Irina atati akupita kukaona azakhali ake odwala, ine n'kudziponyamo poti tchuthi ndinali nacho, bambo ake anatipempha chinthu chimodzi. "Mukanditapire dothi pansi pa nyumba ija. Lodzadza dzanja basi. Kwathu munthu akaikidwa kutali, amamuthira dothi lakwawo." Sindinafunse kawiri. Ife Amalawi a ku Perth timasonkherana kuti maliro apite kumudzi, ndiye nkhani ya dothi lakwanu siyofunika kundimasulira.

Tinanyamuka mu Julaye, Perth ikuzizira ndi mvula. Za ndege sindinena zambiri. Tinasintha ku Doha, mapazi anatupa, ndipo pofika ku Moscow ndinavula jekete chifukwa kunali chilimwe chenicheni. Makadi athu a kubanki kumeneko sagwira ntchito, choncho ndalama ndinazimanga pa mfundo ya chitenje ngati ndikupita kumsika wa ku Liwonde komwe ndinakulira.

M'mawa mwake tinakwera sitima yopita ku Yaroslavl. Tikiti yake sinafike ngakhale pa mtengo wa takisi yochokera kwathu kupita ku eyapoti ya Perth, ndipo ndinamuuza Irina kuti afunsenso, mwina atigulitsa ya katundu. Mayi woyang'anira chipinda chathu cha sitima, wankhope yosaseka, anatibweretsera tiyi m'tambula yagalasi yokhala m'kachitsulo kokongola kogwirira. Pawindo ndinkangoona mitengo yamakungwa oyera ngati yapakidwa laimu, osatha. Sitima isanapite patali, mayi wina amene anakhala moyang'anana nafe anamasula mpango. Munali mazira owiritsa, nkhuku, nkhaka, mchere m'kabokosi ka machesi. Anandikankhira dzira.

"Muwauze kuti ndadya kale," ndinanong'oneza Irina.

"Ndawauza. Akuti sanakufunse."

Ndinadya mazira awiri ndi ntchafu ya nkhuku, mtima uli m'malo. Anthu okakamiza mlendo kudya ndimawadziwa bwino.

Ku Yaroslavl tinasinthira kasitima kakang'ono koima paliponse, ndipo masana tinatsika pa Rybinsk. Tinangoponya katundu kwa azakhali a Irina, ine n'kuyamba kumukoka mnzangayo kuti tikaone mtsinje. Abale anga, ine ndinkati Shire ndiye mtsinje! Nditaima pamtunda n'kuona Volga, ndinangoti "Mayo!" mokweza mpaka nkhunda zinauluka. Madzi otakata, odekha, mlatho wautali wopindapinda, ndipo kumbuyo kwathu tchalitchi chachikasu chokhala ndi nsanja ya belu yomwe imaoneka kulikonse komwe ungaime mumzindamo.

Irina ankandifotokozera tikuyenda m'mbali mwa mtsinje, nsomba yootcha pautsi ili m'manja. Dzina la mzindawu likuchokera ku mawu awo otanthauza nsomba, poti poyamba panali mudzi wa asodzi omwe ankapereka nsomba kunyumba ya mfumu ya dziko. Kenako panabwera tirigu. Zombo zikuluzikulu zochokera kummwera zinkathera pamenepa chifukwa kumtunda madzi anali osaya, ndiye tirigu ankamusamutsira m'mabwato ang'onoang'ono opita ku St Petersburg. Mzinda unalemera nazo. Nyumba yomwe amalonda ankagulitsiramo tiriguyo ilipobe m'mphepete mwa mtsinje, yokongola ngati keke ya ukwati, koma pano amasungiramo zakale. Chomwe chinandigwira mtima ndi chiboliboli cha bambo wotopa atakhala pamwala. Akuti amenewo ndi amuna omwe ankakoka zombo ndi zingwe pachifuwa, kuyenda m'mbali mwa mtsinje molimbana ndi madzi. Ndinakhala pambali pake n'kujambulitsa. Munthu wogwira mashifiti otsatizana amamudziwa mnzake.

Mzindawu akhala akuusintha dzina kangapo, kuupatsa mayina a akuluakulu a boma, koma nthawi zonse umabwerera ku nsomba zake. M'misewu ya pakati zikwangwani za masitolo anazilemba mwachikale, ngakhale sitolo yogulitsa mafoni. Dzuwa nalo ndi lamwano m'chilimwe chawo. Nthawi ya chakudya chamadzulo linali likadali ngwee, ine n'kumadikira mdima womwe sunkabwera.

Tsiku lotsatira tinakwera boti la alendo kupita ku damu. Rybinsk ili pomwe mtsinje wa Sheksna umakumana ndi Volga, ndipo damulo linatseka yonse iwiri. Boti linalowa m'kachipinda ka makoma ataliatali a simenti, zitseko zachitsulo n'kutsekeka kumbuyo. Kenako madzi anayamba kutinyamula! Ndinagwira mkono wa Irina ndikukuwa ngati mwana, azungu onse akundiseka, ine osasamala. Zitseko zakutsogolo zitatseguka, tinatulukira pa madzi opanda tsidya. Eni ake amangoti nyanja. Pakhomo pake paima chiboliboli chachikulu cha mayi wotambasula dzanja, akuti Mayi Volga.

Kuseka kunatha pomwe wotitsogolera analoza kumadzulo. Kumeneko, pansi pa madzi, ndiye kuli Mologa ndi midzi yambirimbiri, matchalitchi ndi manda omwe. Akuti zaka zina madzi akaphwa, njerwa ndi miyala ya misewu zimaonekera, ndipo ana a anthu osamutsidwa aja amapitako kukaima pomwe panali makomo a makolo awo. Mayi wina anaponya maluwa m'madzi. Ine ndinangomugwira Irina dzanja.

Nyumba ya Bambo Pavel tinakaifuna tsidya lina la Volga, pa basi yodutsa pamlatho uja. Kumeneko n'komwe anthu a ku Mologa anapatsidwa malo. Tinazungulira, udzudzu ukutimaliza, mpaka Irina anaima pa kanyumba kobiriwira kamawindo osemedwa. Mwini wake wa pano, Mayi Nina, anatiyang'ana pampanda ngati tabwera kudzagulitsa inshuwalansi. Irina atatchula dzina la agogo ake, geti linatseguka lokha. Anativula nsapato, kutipatsa masilipasi, n'kutikhazika pa tiyi ndi jamu wodya ndi supuni.

Kenako anatitengera kuseri. Anali akusintha mitengo yam'munsi yomwe inawola, ndipo yakaleyo inali itaunjikidwa pabwalo. Pa mtengo uliwonse panali timizere totemedwa ndi nkhwangwa, zizindikiro zija. Ndinazisisita ndi chala. Nkhani yomwe ndinkaimva pampanda ku Maddington ndikuthirira nkhwani inali pamaso panga. Irina anagwada n'kutapa dothi pansi pa khoma ndi supuni ya tiyi, kulithira m'kabotolo ka jamu. Ali pomwepo anawafotokozera Mayi Nina za bambo ake ndi misomali. Mayiwo anaseka, natenga pulayala, nazula msomali umodzi pa mtengo wowola, wakuda, wamakona anayi. Anandipatsa ine, akuti mlendo wochokera kutali asabwerere chimanjamanja. Ndinauponya m'chikwama n'kuuiwala.

Azakhali aja matenda anakula, ndiye Irina anaganiza zotsalira. Kabotolo kanakhala m'manja mwanga. Ndinaimbira amuna anga ndili ndi chimwemwe chonse.

"Dothi?" anatero. "Amayi a Tadala, mwaiwala usipa uja anakulandani pa eyapoti? Dothi ndiye salola n'komwe. Mukapanda kudikileya, kuwauza kuti muli nalo, n'kukugwirani, ndi faini, mwinanso viza imapita. Ana ali pasukulu kuno."

Ndinayang'ana kabotolo kaja. Tonse atatu, ine, Irina ndi bambo ake, takhala mu Australia zaka, tikudziwa kuti ngakhale matope a kunsi kwa nsapato amawafufuza. Koma palibe amene analiganizira ngati dothi. Kwa ife linali kwawo kwa munthu.

"Uike mu sokosi," anatero Irina. "Ndi kochepa, sangaone." Atatero anayang'ana kumbali, poti ankadziwa kuti iye ndi nzika, ine ndi wa viza ya ntchito.

Ulendo wonse wobwerera, kuyambira kasitima ka ku Yaroslavl mpaka Doha, kabotolo kankandilemera kuposa sutikesi. Kawiri konse ndinakalowetsa mu sokosi, kawiri konse ndinakatulutsa. Ndinkaona Bambo Pavel akudikira pawindo, kenako ndinkaona ana anga akulongedza katundu. Ndege ikutsika pa Perth ndinali nditatopa n'kudzinamiza. Ndinalowa mzere wa anthu okhala ndi zoonetsa.

Wofufuza katundu anali mtsikana waulemu. Ndinaika kabotolo patebulo n'kufotokoza zonse, damu, nyumba yoyandama, nkhalamba ya ku Maddington. Chingerezi chinandithera pakati, misozi n'kumalizitsa. Anamvetsera mpaka kumapeto, napepesa, nati dothi silingalowe, muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Anakatenga ndi manja awiri, ndipo pa chimenecho ndimamuthokozabe. Pofufuza m'chikwama anapeza msomali uja. Anautembenuza, naupukuta ndi kansalu, nandibwezera. Chitsulo choyera chilibe mlandu.

M'mawa mwake ndinazengereza. Ndinachapa zovala zosada n'komwe. Pomaliza amuna anga anati, "Pitani, akuonani kale pawindo."

Ndinawapeza Bambo Pavel pampando wawo, atavala malaya oyera ngati Lamulungu. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zoona, kuti dothi tinatapa, ndinalinyamula mpaka pa eyapoti, ndipo ndinalipereka ndekha. Sanakalipe. Anangogwedeza mutu n'kuyang'ana panja, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Ndinawaonetsa zithunzi za nyumba ndi timizere ta nkhwangwa, koma maso awo saonanso bwino za pafoni. Posowa chochita, ndinapisa m'chikwama n'kuwaika msomali uja m'dzanja.

Anauyendetsa pakati pa zala pang'onopang'ono. Chapakati pake chala chinaima. Panali kabampu, pomwe msomaliwo unapindikapo kale wina n'kuuwongola mosalongosoka.

"Mwautenga kuti?"

"Pa mtengo wam'munsi, kuseri kwa nyumba."

Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. "Taonani ntchito yoipa! Bambo anga ankandikalipira chifukwa cha zimenezi." Anaugundanitsa ndi chikhadabo chawo chopindika chija, misozi ikutsikira m'ndevu. "Dothi lija linali la ku Rybinsk, mwana wanga. Kumeneko tinangofikirako. Uwu ndiye wa ku Mologa."

Ndinapita kutali kukaona mtsinje waukulu ndi mzinda wa nsomba, ndipo ndinasangalala ngati mwana, koma chomwe ndinatumidwa sindinabwere nacho. Chomwe chinafunika ndinachinyamula osadziwa, pansi pa chikwama pamodzi ndi maswiti.

Bambo Pavel anatsegula thumba la malaya, naikamo msomali, namanga batani. "Mumuuze Irina," anatero. "Tsiku lokandiika m'manda, malaya ake ndi ano."