Ndalama Pansi pa Mbale ya Amayi

Anzanga, ndikudziwa nkhawa imene ambiri mumagona nayo mukakondana ndi munthu wapaulendo: kodi ameneyu akuona ineyo, kapena akungoona womuthandiza pa ulendo wake? Inenso ndinali nayo, kungoti ndinkaikana.

Ndimaperekera zakudya pa hotela ina. Ndinaphunzira zauphunzitsi koma malo sanapezeke, ndiye m'malo mwa ana ndimaphunzitsa alendo. Ndi matenda anga amenewo. Munthu akandifunsa funso limodzi, ndimamuyankha ndi zimene sanafunse zomwe.

Wapaulendo wangayo anali wa ku America, wamtali, wachipewa chofwifwa, kamera ili pakhosi. Tsiku loyamba anangomwa tiyi, n'kusiya ndalama yoposa mtengo wa tiyiyo. Ndinamuthamangira mpaka pakhomo.

"Bambo, mwaiwala chenji."

"Keep the change," anatero akumwetulira.

Kuyambira pamenepo anzanga a kukhitchini anamupatsa dzina loti Chenji.

Mawa lake anandifunsa ngati analakwitsa. Anati kwawo woperekera zakudya amadalira tipi, kandalama kothokoza kamene kasitomala amasiya patebulo, moti ukapanda kusiya amakuona ngati wamubera munthu. Ndinamufotokozera kuti pa hotela yathu tipi timaponya m'chitini chimodzi, kenako n'kugawana tonse, ndi otsuka mbale omwe.

"Nanga amene sapatsidwa ndani?"

"Mnzako, komanso munthu amene wakulandira m'nyumba mwake. Kumeneko umafika ndi kenakake m'manja. Susiya ndalama pochoka."

Anagwedeza mutu, koma maso ake anali pawindo. Kunja kunkadutsa bambo wina atamanga matiresi panjinga.

Ndikaweruka tinkayenda limodzi m'tauni, iye akudabwa ndi chilichonse. Ankadabwa kuti munthu sugula kanthu usanamufunse wogulitsa mmene wadzukira. Ankadabwa kuti telala amasiya makina ake n'kukuperekeza mpaka pamsewu.

"Kwathu ngakhale woyandikana naye nyumba sindimudziwa dzina," ankatero. "Inu muli ndi nthawi ya anzanu."

Koma telala yemweyo Chenji anamupatsa tipi. Agogo ena amene anatilozera njira anawapatsanso, agogowo n'kundiyang'ana ngati ndawabweretsera wodwala mutu.

Ine ndinkangoseka. Ukakonda umaseka ndi zinthu zofunika kuziganizira. Tsiku lina mvula itatitsekereza pakhonde la sitolo, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Popanda iwe, zonsezi sindikanazimvetsa." Chibwenzi chinayambira pamenepo.

Kenako ndinawauza amayi.

"Ubwere naye timuone," anatero. "Asamangokuyendetsa m'misewu ngati ulibe kwanu."

Amayi anabwereka mipando kwa aneba, n'kutulutsa mbale zimene zimangogona m'kabati kudikira alendo olemekezeka. Achimwene anga anavala tayi masana dzuwa likuswa mtengo.

"Achimwene, akudzafunsirayo ndinu?"

"Iwe khala chete. Mlamu wokwera ndege umamulandira utavala ndolo zako zonse, ine ndolo ndilibe."

Chenji anabwera chimanjamanja, koma anadya bwino. Anawajambula amayi akuseka, akuwatchula kuti Mama. Nditamuperekeza ndinabwerera mtima uli m'malo.

Ndinawapeza amayi ataima patebulo, mbale imene anadyera mlendo ili m'manja. Pamene panali mbaleyo panali ndalama zopindidwa bwinobwino.

"Mwanangu, nyumba ino yasanduka hotela liti?"

"Amayi, ndi mmene amachitira kwawo..."

"Nanga iwe sunamuuze mmene timachitira kwathu?"

Ndinali nditamuuza, anzanga. Chimene chinandipweteka n'chimenecho. Achimwene anavula tayi ija, n'kuyamba kubweza mipando ya eni ake.

Kutacha ndinamubwezera Chenji ndalamazo. Ndinafotokozanso pang'onopang'ono, kuti amayi sanamuphikire kasitomala, anaphikira munthu amene ankaganiza kuti mwina adzakhala mwana wawo. Anapepesa kwambiri, nkhope itafiira.

"Ndimangofuna kuthokoza. Service inali yabwino kwambiri."

Mawu akuti service amenewo, amene amanena makasitomala ku hotela, ndinawameza. Ndinali nditatopa nako kufotokoza, koma ndinadziuza kuti munthu amaphunzira.

Tsiku lonyamuka anatsika ndi zikwama zake, m'manja muli maenvelopu oyera. Anapatsa mlonda wa pageti, mayi woyeretsa m'zipinda, ndi dalaivala. Yomaliza, yonenepa kuposa zonse, anaiika m'manja mwanga, kenako anandikumbatira pamaso pa anthu.

"Ulendo wonsewu wandikometsera ndiwe. Anzanga akamadzabwera ndidzawauza kuti akufunefune."

"Ndi zokhazo?" ndinamufunsa.

Anandiyang'ana modandaula, dzanja likupita kale m'thumba.

"Yachepa?"

Sindinalire. Ndinamufunira ulendo wabwino monga ndimachitira ndi mlendo aliyense, n'kulowa kukhitchini. Envelopu ija ndinaiponya m'chitini osaitsegula. Bambo amene ndi wophika wamkulu anasiya kudula anyezi.

"Mwana iwe, imeneyo si yakoyako?"

"Ndi ya ntchito, bambo. Tigawana."

Chenji atafika kwawo ananditumizira zithunzi zambiri: telala uja, bambo wa matiresi, amayi akuseka. Sindinamuyankhe. Sanali munthu woipa. Ankakondadi mmene timakhalira, ndipo ine ndinali m'gulu la zinthu zabwino zimene anaziona pa ulendo. Kunyumba mbale zija zinabwerera m'kabati, ndipo amayi sanamutchulenso.

Anzanga, ngati muli naye wanu wotere, musanapite naye kwa amayi anu tayesani ichi. Muuzeni kanthu kamodzi kakang'ono kamene kwanu n'kofunika, kamodzi kokha, osabwereza ngati mmene ndinkachitira ine. Kenako khalani chete, muone ngati akakumbukire.