Matumba Awiri a Makala

Ku Ntaja palibe amene sadziwa miyendo ya Akimu. Ndi wa kabaza, wokweza mayi ndi thumba lake la mpunga mpaka pamwamba pa chitunda osatsika. Koma mtima wake sunali pa njinga. Kuyambira ku pulayimale ankafuna usilikali basi, moti anzake pa siteji ankangomutchula kuti Sajeni.

Ali ndi zaka 18, a za nkhalango anamugwira atanyamula matumba awiri a makala pa njinga. Makalawo anali a malume ake, Che Bashir, amene anamulera mayi ake atamwalira. Malumewo anafika ku polisi atavala mkanjo woyera mbee.

"Ungovomera kuti ndi ako," anamunong'oneza. "Iwe ndiwe mwana, angokukalipira. Ine anditsekera."

Mwana wa mlongo angawakanire bwanji malume? Akimu anavomera. Anamudinditsa zala, khoti linamulamula kusesa masabata atatu, anthu n'kuiwala. Mapepala okha ndi amene sanaiwale.

Patapita zaka zinayi, asilikali anabwera pa boma kudzalemba anthu ntchito. Akimu anapita ndi Sufiyani, mwana wa Che Bashir, mlesi amene iye ankachita kumukoka pa mphasa m'mawa uliwonse kuti akathamange. Pa mpikisano Akimu anafika woyamba. Sufiyani anafika mochita kudzikoka, akusanza. Onse anadutsa, mpaka tsiku lounika mbiri.

"Zala zako zili ndi mlandu," anatero msilikali wa pa tebulo, osamuyang'ana n'komwe.

"Bwana, anali makala chabe."

"Ndiye si mlandu? Wotsatira!"

Akimu anakagwada kwa malume ake. "Amjomba, tiyeni mukawauze zoona."

"Iyayi. Ukufuna dzina la bambo wa Sufiyani lide pamene mwana watengedwa? Nsanje imeneyo."

Tsiku lotsanzikana ndi Sufiyani anapha mbuzi. Che Bashir anaimirira pamaso pa mudzi wonse, m'kamwa muli mafuta, n'kuyamba kulangiza achinyamata. Anthu ena manyazi alibe ndithu.

"Muziopa milandu, ana inu. Wanga uyu akupita chifukwa ndi woyera. Onani Akimu: mphamvu zonsezi, koma manja osagwirika."

Anthu anagwedeza mitu. Akimu anakankhira mbale ya nyama pambali. Zinamuwawa kuposa tsiku limene anakwirira mayi ake.

Nthawi ya minibasi ya ku Liwonde itakwana, sutikesi ya Sufiyani inapezeka yolemera. Che Bashir anaimanga okha pa njinga ya Akimu, pomwe paja anamangapo makala, n'kumusisita paphewa.

"Palasa, Sajeni. Msilikali angachedwe."