Anandinenepetsera Chithunzi

Adada anapita ku Joni ndili Sitandade 6, patangotha miyezi yochepa amama atamwalira. Anandisiya pa boma pa Mzimba kwa mlongo wawo, amene kwathu timati ankhazi. Ankhaziwo ankakazinga tchipisi ndi mandasi pafupi ndi pokwerera minibasi, ndipo analibe mwana wawowawo. Ndinafika kwawo ndili woonda ngati ana ena onse a kumudzi kwathu, kufupi ndi Embangweni. Ndinali woonda koma ndinkasenza ndowa yodzaza kuchokera pamjigo mpaka kunyumba osatula. Ndinkasewera mpira wamanja. M'kalasi sindinkatsika pa nambala 5, ndipo ndinkafuna kudzafika Fomu 4, chinthu chimene palibe mkazi wa m'banja mwathu anachitapo.

Mavuto anayamba ndi foni. Mwezi uliwonse adada ankafuna chithunzi changa. Choyamba anandijambula ankhazi nditaima pafupi ndi chiwaya chawo, nditavala diresi la kutchalitchi. Tsiku lomwelo kunabwera uthenga wa mawu, ndipo ankhazi anaumvera ine ndili pomwepo. Adada ankafunsa kuti shuga, mpunga ndi mafuta zimene amatumiza pa galimoto za amatransipota akudya ndani, poti mwana akuoneka mafupa a m'khosi. Anati achita kuonetsa anzawo chithunzicho mwamanyazi. Ankhazi anaumvera uthengawo kawiri, kenako anandiyang'ana ngati ndine ndawanenera.

Panalinso china. Amama anamwalira ataonda kwambiri, ndipo amayi a pamsika ankadziwa zimenezo. Ndikamadutsa ankatsitsa mawu. Ine anali atandiyeza magazi kale n'kupeza kuti ndilibe kanthu, koma pepala la kuchipatala limakhala m'chikwama, pamene masaya amaonedwa ndi aliyense. Ankhazi anaganiza zondipezera masaya.

M'mawa ndinkamwa phala lothira majarini ndi shuga wambiri, kuphatikiza mandasi atatu. Pobwera kusukulu ndinkapeza mbale ya tchipisi chotsala m'chiwaya, cha pansi chimene chamwa mafuta. Usipa ndi masamba anati n'zakudya za kumudzi, mwana wa munthu wa ku Joni sadya zimenezo. Anandiletsa kupita kumjigo. Anandiletsa mpira, ati thukuta limatha thupi. Anandipezera wakabaza wondinyamula popita ndi pobwera kusukulu, mtunda umene anzanga ankayenda akuseka. Ndikafika kunyumba ndinkakhala m'kati, chifukwa dzuwa likanandidetsa pa chithunzi.

Sindinama, poyamba ndinkasangalala. Ndi mwana uti wa zaka khumi ndi ziwiri amene angakane tchipisi n'kusankha ndowa?

Koma thupi linkabwera pang'onopang'ono, ndipo adada ankadandaulabe. Ndiye tsiku lina ankhazi anabwera ndi timapiritsi toyera m'kapepala ka pulasitiki. Anagula kwa bambo wina wogulitsa mankhwala pa tebulo kuseri kwa msika. Anati ndi mavitamini opatsa chilakolako cha chakudya, amamwa akazi ambiri amene akufuna kuoneka bwino pa ukwati. Ndinkamwa awiri m'mawa uliwonse. Ndinamwa kwa nthawi yoposa chaka.

Anagwira ntchito. Nkhope inakhala yozungulira, khosi linasowa, pamimba ndi m'ntchafu panatuluka mizere yofiirira. Njala sinkatha. Amayi a pamsika aja anayamba kundiitana kuti andigwire mkono. Ankati mwana wasungidwa bwino chomene, ankhazi ali ndi dzanja. Kutchalitchi mayi wina anaimirira pa msonkhano wa amayi n'kupereka chitsanzo cha ine, kuti umu ndi mmene mwana wamasiye ayenera kusamalidwira. Adada anatumiza foni yatsopano. Anyamata a kusukulu ankanditcha thiraki ya ku Joni, ndipo wakabaza wanga akandiona ndikubwera ankayamba wafinya tayala la kumbuyo ndi chala.

“Adumbu, mlongo wanga, ndapota, mukwere mwaulemu,” ankatero. “Njingayi ilinso ndi ana.”

Ndinakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kuyamba Fomu 1 pa sekondale yoyendera. Cha kumapeto kwa chakacho bondo la kumanzere linayamba kuwawa. Sindinagwe, sindinagunde paliponse. Linkangowawa ndikayenda, makamaka ndikakwera masitepe a kalasi. Ndinayamba kutsimphina, ndipo phazi linkayang'ana kunja ngati la bakha. Ankhazi anati ndi ulesi wa anthu onenepa, ndipo anazinena monyadira. Kenako anagula mafuta otentha aja n'kumandisisita bondo. Titapita pa kachipatala kena kolipira, adokotala a pamenepo anandigwiragwira bondo, anati palibe chotupa, n'kundipatsa mapiritsi opha ululu. Palibe anandiuza kuti ndigone chagada kuti aone mmene mwendo wonse ukuyendera. Ine ndinaloza bondo, iwo anayang'ana bondo.

Miyezi itapita osasintha, mnzawo wa ankhazi wogulitsa tomato anati nkhaniyi si ya kuchipatala. Mwana wonenepa chonchi, bambo ali ku Joni, nsanje singalephere. Wina anatchera mankhwala panjira ndipo ndinaponda. Loweruka lina ankhazi anapita nane kwa mayi wina kunja kwa tauni, amene ananditema mphini kuzungulira bondo ndi lezala n'kupaka zakuda. Zipserazo ndili nazo mpaka lero, pa bondo limene silinadwalepo.

Ndili Fomu 2, teremu yachiwiri, kunagwa mvula masana. Wakabaza ananditsitsa pafupi ndi chiwaya cha ankhazi, ndipo panali kangalande kakang'ono koti mwana wa mkaka akhoza kudumpha. Ndinatambasula mwendo wakumanja, thupi lonse linatsamira wakumanzere, ndiye ndinamva chinthu chikusuntha m'kati, m'mwamba, m'mphechepeche. Sichinalire ngati nkhuni ikuthyoka. Chinangosuntha. Ndinapezeka ndili pansi m'matope, mwendo utatembenukira kunja, ndipo sindinathe ngakhale kukuwa. Anthu anayamba kuseka, chifukwa munthu wonenepa akagwa anthu amayamba aseka. Amuna anayi anandinyamula pa chitenje.

Kuchipatala anandijambula mafupa. Dokotala wake anali bambo wa ku chigawo chapakati, wolankhula Chichewa chosasakaniza, wosathamanga polankhula. Anafunsa kuti bondo linayamba liti kuwawa. Nditamuuza kuti papita pafupifupi chaka, anasiya kulemba. Anayang'ana mphini zija. Kenako anakweza chithunzi cha mafupa pa windo n'kutiuza tonse awiri, ine ndi ankhazi, kuti tiyang'ane.

Ndinali ndisanaonepo m'kati mwanga. Thupi lonse lija, limene amayi ankaligwira pamsika, linkangooneka ngati utsi m'mbalimbali. Pakati pake panali timafupa tating'ono, ta mwana. Ndinafunsa ngati chithunzicho n'changadi. Anati n'changa. Analoza mbali ya kumanja, pamene mutu wa fupa la ntchafu unakhala bwinobwino pa khosi lake. Kenako analoza kumanzere. Mutuwo unali utatsetsereka n'kupendekera kumbali, ngati ndowa imene yaterereka pa nkhata.

Anafotokoza kuti pa msinkhu wanga fupa limakhala lisanamalize kukula, ndipo pansi pa mutu umenewo pamakhala malo ofewa pamene likukulira. Thupi likalemera kuposa mmene malowo angathere, mutu umayamba kusuntha pang'onopang'ono. Ululu wake nthawi zambiri umamvekera pa bondo, ndiye anthu amalimbana ndi bondo. Anati mafuta ndi fupa n'zinthu ziwiri zosiyana: munthu akhoza kudzaza pakhomo koma mafupa ake ali ofooka. Fupa la mwana limalimba akamayenda, akamathamanga, akamakhala padzuwa, akamadya zinthu ngati usipa wa minga yake, masamba, nyemba ndi mkaka. Ndinkamvetsera akutchula chimodzichimodzi zinthu zonse zimene ndinaletsedwa.

Kenako anandiyang'ana nkhope nthawi yaitali n'kufunsa ngati pali mankhwala amene ndimamwa. Ankhazi anati ayi, mavitamini okha. Anali nawo m'kachikwama ka m'chiuno, ndipo anawatulutsa mosaopa. Dokotala anawerenga timalemba ta pa pepala lake, n'kuitana namwino kuti adzaone.

“Mayi, awa si mavitamini,” anatero. “Awa timapatsa odwala mphumu yoopsa ndi matenda ena akuluakulu, ndipo timawerenga masiku. Amatupitsa nkhope, amabweretsa njala, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amadya mafupa. Mwanayu wamwa kwa nthawi yaitali bwanji?”

Ankhazi anandiyang'ana ine kuti ndiyankhe. Ndinayankha.

“Koma anthu onse amati akuoneka bwino,” anatero ankhazi, mawu ali pansi. “Mbwenu ine ndimati ndikusunga mwana.”

Dokotala anati ndisasiye mapiritsiwo tsiku limodzi, chifukwa thupi linali litawazolowera, azindichepetsera yekha pang'onopang'ono. Anati akanandiona bondo litangoyamba, akanangomanga mutu wa fupawo pamalo pake ndi chitsulo chimodzi usanapite patali. Tsopano unali utapita. Ananditumiza ku Mzuzu, kumene anandichita opaleshoni n'kuika chitsulocho, koma anandiuziratu kuti mwendowo sudzabwerera mmene unalili.

Adada ataimba foni, ankhazi anawauza kuti ndinagwa m'ngalande. Zinali zoona, ndiye sindinatsutse. Pambuyo pake ndinawauza ndekha zonse, za mapiritsi ndi zimene ananena dokotala. Adada anati iwo sanatume munthu kugula mapiritsi. Ankhazi nawo amati iwo sanatume munthu kutumiza mauthenga onyoza. Mpaka lero salankhulana bwino, ndipo aliyense amafuna ine ndinene kuti wolakwa ndi mnzake. Ndinatopa nazo. Bambo wa pa tebulo uja akugulitsabe.

Mayeso a Fomu 2 anandipeza ndili pa mphasa. Ndinakhala miyezi yambiri ndikuyenda ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi. Mwendo wakumanzere unatsala waufupi pang'ono, ndipo m'chiuno munauma, simupindika mpaka kumapeto. Komabe ndinkawerenga. Ndinabwereka makope a mnzanga n'kukopera onse. Chaka chotsatira ndinapita ndekha kwa ahedi kukapempha malo, ndipo anandilola kubwereza Fomu 2. Ndinasoketsa yunifolomu ina chifukwa yakale inali itandikulira, thupi lija litaphwa. Kukhala m'kalasi limodzi ndi ana amene ndinawasiya ku pulayimale sikunandivute. Akaseka kayendedwe kanga ndinkawatukwana, basi n'kusiya.

Chimene sindinachiganizire ndi chimbudzi. Kunyumba ankhazi anali atandikhomeretsa kampando koboola pakati. Kusukulu kunali zimbudzi zokumba, dzenje pansi, makoma osalala opanda pogwira. Tsiku loyamba ndinalowa, ndinatseka chitseko, ndinayesa kunjuta, chiuno chinakana. Ndinaima mmenemo ndikuyang'ana dzenje, atsikana akugogoda kunja, kenako ndinatuluka osachita kanthu.

Ndinasiya kumwa tiyi m'mawa. Ndinasiya kumwa madzi mpaka nditaweruka. Pofika piriyodi yachisanu mutu unkawawa ndipo sindinkamva zimene aphunzitsi akunena. Ndinakauza aphunzitsi aakazi oyang'anira atsikana. Anandimvera chisoni, anati akanena ku komiti ya makolo kuti aone chochita. Komiti inkakumana kumapeto kwa teremu. Aphunzitsiwo anandiuza kuti ndizipita ku chimbudzi cha aphunzitsi, koma nachonso chinali dzenje, kungoti chinali ndi loko. Kampando kanga ndinaganizapo zokanyamula, koma tangoganizani mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akudutsa pa asembule ndi ndodo dzanja lina, mpando wa kuchimbudzi dzanja lina.

Ndinapirira masabata atatu. Sabata yachinayi ndinali kumwezi, ndipo pamenepo kusamwa madzi sikuthandiza. Lachitatu, nthawi ya masamu, ndinapempha kutuluka. Ndinayesa kutsamira khoma ndi msana n'kumatsika pang'onopang'ono, mwendo wodwalawo nditautambasula kutsogolo. Nsapato inaterereka. Ndinagwera pansi pa chimbudzi cha atsikana mazana angapo, siketi yonse, manja onse. Ndinakhala pamenepo ndikumvetsera m'chiuno ngati chitsulo chasuntha. Sichinasunthe. Ndinadzikoka ndi chitseko n'kuimirira.

M'kalasi sindinabwereremo. Chikwama anandibweretsera mnzanga madzulo. Ndinadutsa kuseri kwa makalasi, ndinatulukira pa mpata wa mpanda, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, chifukwa panalibe wakabaza amene akanandikweza mmene ndinalili. Ankhazi atandiona anayamba kufunsa, ndinawauza kuti anditenthetsere madzi. Lolemba lotsatira anandidzutsa kuti ndikonzeke, ndinawauza kuti sukulu ndasiya, ndipo asadzandifunsenso.