Chingwe cha Kaboyi

Chikuto cha buku chija ndimachionabe. Chofiira ngati katondo, chopindika m'makona, chonunkha utuchi wa paini. Pachikutopo panali mwamuna pa kavalo, chisoti chachikulu ngati lichero, kansalu pakhosi, chingwe chikuzungulira m'mwamba pamutu pake. Ee, mwamuna ameneyo! Ndakalamba ine, mano atha, adzukulu adzaza bwalo, koma mukangomutchula mtima umavinabe, umavinabe.

Mabukuwo anabwera ndi amalume m'katoni ya sopo. Iwo ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo bwana wina posamuka anataya mabukuwo kudzala, amalume nkutola. Chaka chimenecho ntchito itaima, anabwera kudzakhala nafe pa esiteti ya fodya kumalire a Kasungu, kumene amayi anali tenanti. Bambo anali atapita kalekale, osabwerera. Pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine ndi fodya.

Mabuku onsewo anali a munthu mmodzi yemweyo, kavalo yemweyo, ndipo anali a Chingerezi. Amalume ankayamba awerenga chamumtima, milomo ikugwedera, kenako nkutitembenuzira, pena m'Chichewa pena m'Chitumbuka, malinga ndi amene wafunsa. Dzina la mwamunayo linatikanika pa lilime. Amalume anati tisavutike, mtundu wake umatchedwa kaboyi.

Azimayi a m'chigafa chosankhiramo fodya anakwiya. Munthu wamapewa ngati chitseko, nkumutchula kaboyi, ngati kamwana kotsuka mbale kwa mzungu? "Kaboyi ndiwe, wocheka matabwa iwe!" anatero mayi wina wamasiye. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, nkunena kuti ayi, tanthauzo lake ndi mbusa wa ng'ombe. Basi, pamenepo anatigula tonse. Kuno ku Mzimba munthu wodziwa ng'ombe safunsidwa kwawo. Koma dzina linakakamira: akakhala yekha Kaboyi, akakhala ambiri tiboyi. Kavalo wake tinamutcha Chimphepo. Mdani wake, wakuba ng'ombe za anthu osauka, tinamutcha Chipsera.

Inali nyengo yosankha fodya, kuzizira kolowa m'mafupa. Tinkakhala pa ziguduli, milu ya masamba patsogolo, owala uku, akuda uku, ong'ambika uko. Zala zinkada ndi utomoni, fumbi linkayetsemulitsa mpaka misozi. Koma amalume akatsegula buku, chigafa chinkasanduka chipululu cha miyala yofiira, ndipo tinkamva ziboda, gudu gudu gudu! Mayi wamasiye uja ankalumbira kuti Kaboyi atabwera angamukwatire wopanda malowolo. Mnzake ankati, "Mwanalume uyu wakusuzga chomene, buku lililonse kusiya mkazi akulira pageti. Komanso mwamvapo kuti wasamba?" Ankakangana ngati akukangana za mwamuna wa pamudzi pomwepo. Tsiku lomwe Chimphepo analasidwa mwendo, azimayi awiri sanadye.

Ine ndinali mu Sitandade 2. Sukulu inali kutsidya kwa dambo, ndipo belu lake linali chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pamtengo. Chikalira, nge nge nge, chinkamveka mpaka m'chigafa. Amalume ankatsegula buku nthawi yomweyo. Masana ankati maso atopa. Madzulo ankati kuwala kwachepa. Kaboyi ankakwera kavalo m'mawa mokha.

Tsiku loyamba ndinaima pakhomo, sileti m'khwapa, phazi limodzi kunja, lina mkati. Ndinati ndingomva pang'ono. Amayi sanandiletse kupita. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, sanandiletsepo n'kamodzi komwe. Anangondikankhira mulu wa masamba nkunena kuti, "Ukumvera ndi makutu, nanga manja akudikira chiyani?" Ndinakhala pansi. Zala zanga zinali zazing'ono, zachangu, sizinkang'amba tsamba. Kapitawo yemwe ankayamikira.

Ndipo amalume ankadziwa potsekera! Chipsera akakweza mfuti, iwo phaa, buku latsekedwa. Ng'ombe zikalowa mumtsinje wodzaza, phaa. "Mawa," ankatero. Mawa, mawa, mawa la amalume, lotsekemera ngati nzimbe, losafika kumapeto.

Aphunzitsi anabwera tsiku lina pa njinga, thalauza atalimanga ndi mphira m'akakolo. Anaima pakhomo pa chigafa, akuyetsemula. Amayi anawapatsa moni mwaulemu, yewo yewo, nkunena kuti, "Mwana sitinam'mange. Mufunseni mwini wake." Aphunzitsi anandiyang'ana. M'mawa umenewo Kaboyi anali atagwidwa. Anthu a Chipsera anali atamumanga manja, chingwe chake chomwe atamukoleka nacho pakhosi, pansi pa mtengo wouma. Chala cha amalume chinali chikadali pakati pa buku. Mwana wa zaka zanga akanatani? Ndinati, "Mawa, aphunzitsi." Aphunzitsiwo anapukusa mutu. "Mawa sadziwa kulemba dzina lake, mwanawe." Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Lero mawu amenewo ndimawamva nthawi iliyonse akandigwira chala kuti ndidinde.

Kaboyi anakhala pansi pa mtengo uja masiku ambiri. Amalume ankatizunguliza, lero za mkazi amene akuthamanga kukaitana thandizo, mawa za Chimphepo akududuluza mwendo kuthengo. Milu ya fodya inkachepa. Kenako mabelo anasokedwa, lole inabwera, inanyamula, fumbi kobo. Mawa lake belu linalira, ine ndinathamangira kuchigafa. Munalibe munthu. Amalume ndinawapeza pa chitsa akuwothera dzuwa, akusuta. Ndinawapempha, ndapota amalume, timalize. Anati fodya watha, nkhaninso yatha.

Buku linali pambali pawo. Ndinalitola kuti ndingoona ngati pali chithunzi kumapeto. Linali lopepuka. Masamba akumbuyo kunalibe, kunangotsala timizu ta pepala pa msana. Ndinayang'ana ndudu ili pakamwa pawo, ndipo ndinaona tizilembo tating'ono tikupsa, mzere ndi mzere. Mapepala a mabuku aja anali opyapyala, abwino kupichirira fodya. Mathero a Kaboyi anali kutuluka m'mphuno mwa amalume.

Ndinalira, mayo ine, ndinalira ngati pamaliro. Mayi wamasiye uja atamva anawatukwana amalume mpaka agalu anauwa. Iwo anangosasa phulusa. Pasanathe sabata anakwera lole ya matabwa kubwerera ku Chikangawa, katoni ili paphewa. Kusukulu ndinapitako, koma anzanga anali atawoloka kale mayeso, ndipo ine zilembo zinali zitandithawa ngati nkhuku zachilendo. Mvula itayandikira, kunali nazale yothirira. Sileti amayi anavundikirira mtsuko.

Koma imvani, imvani chimene Mulungu wandichitira chaka chino! Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali ku sekondale kuno ku Boma, anapeza buku pamsika, pa mulu wa mabuku akale pafupi ndi ogulitsa kaunjika. Chikuto chofiira, chisoti ngati lichero. Ndinakuwa pakati pa msika, anyamata a kabaza nkutembenuka. Tinafufuza mulu wonse mpaka tinapeza la mtengo wouma lija. Mwanayo anandiwerengera nkumanditembenuzira pakhonde dzuwa lili pamutu, osatseka, osanena mawa. Anapulumuka! Kaboyi anapulumuka! Mkazi uja anafika ndi tiboyi tonse ta m'chigwa, chingwe chinadulidwa, Chipsera anathawa wopanda nsapato. Ndinavina, ndinaluluta, chitenje chinagwa. Zaka zonsezi munthu ndinamusiya ali chiimire pansi pa mtengo, khosi lili m'chingwe, ndipo tsopano watsika.

Iye watsika. Mbwenu nanga ine?

Amalume ndinawafunsa atakalamba, tikusenda chimanga pamaliro a amayi, chifukwa chake ankawerenga m'mawa mokha. Sanachite manyazi. Anaseka kaseko komwe kaja. "Funsa amene wagona m'nyumbamo. Ine ndinkangopatsidwa nthawi."

Apo m'pamene ndinakumbukira chifuwa cha amayi. Belu likalira kutsidya, amayi ankatsokomola kawiri osadzutsa mutu, amalume nkutambasula dzanja kutenga buku. Amayiwo ndinkawamvera chisoni, ndinkati ndi fumbi la fodya. Ndinkatinso amayi amamukonda Kaboyi kuposa tonsefe, poti tsiku lililonse ankandisungira malo pafupi ndi amalume, pomvekera bwino. Sindinadzifunse chifukwa chake iwo sankaseka nafe, sankakangana nafe, sankadziwa n'dzina la kavalo lomwe. Maso awo sanali pa buku. Anali pa zala zanga.