Amalume agwela mu ngalande na botolo

Mwachoma bwanji nonse.

Mabvuto wathu, chisiyileni mowa, amathamanga m'mawa uliwonse. Akuti akatuluka thukuta, chilaka chimachepa.

Lelo akudutsa pa bala ku Kabwata, ba Tembo, amalume athu, anayamba kumuthamangitsa na botolo lozizila. "Iwe mwana, ima! Lawako pang'ono chabe!" Sanapite patali, mpweya unawathela, anagwela mu ngalande chagada. Koma botolo lili m'mwamba, osataya olo dontho!

Nimaona ndekha nikuyembekeza basi. Mabvuto anabwelela, anawazula m'matope, anawatolela nsapato, n'kupitiliza kuthamanga.

Awa ndiwo amalume aja anaimilila pa msonkhano wa banja kuti Mabvuto amatichititsa manyazi. Manje tiuzane, Sondo tikapemphelele ndani?